Chigubu Choyang'ana Kukhoma

Sanauzepo munthu, ngakhale amayi ake, ngakhale Mulungu ndi mawu otuluka pakamwa, kuti mu injini ya galimoto yatsopano ya bambo ake munali lita imodzi ya oyilo yosayenera kukhalamo, ndi kuti anathiramo ndi iyeyo, Gizela, ndi manja omwewa amene tsopano anawapanikiza pakati pa mawondo atakhala pampando wakutsogolo — mpando umene unali ukadali m'pepala lake la pulasitiki, loterera, lomata ku ntchafu ndi thukuta, poti bambo ake, a Sebastião, ananena kuti mapepalawo adzachoka pa tsiku la oyilo, osati lisanafike. Ndipo tsiku la oyilolo linali lero.

Manambala a makilomita pa dashibodi ankati 1463. Bambo anawawerenga mokweza asanalize injini, ngati mmene amawerengera vesi kutchalitchi, kenako anati otsalawo akawaponde kutsidya, njira ya ku Moatize, kuti pofika kwa amakanika awo, a mesitiri Jaime, oyilo akhale wotentha, atuluke yense. Sanaitane amayi, amene anali atavala kale kapulana, chitenje chawo chatsopano. Anangosuzumira pazenera n'kunena kuti, "Gizela, kwera." Nanga n'chifukwa chiyani iyeyo? Mwina n'chifukwa choti wangomaliza sukulu ndipo amangokhala pakhomo, mwina basi — koma mwinanso ayi, mwina amafuna kuti akhale naye awiriwiri pamalo posathawika, zitseko zitatsekedwa, msewu ukuthamanga pansi.

Lamulo la oyilo bambo analinena tsiku lomwe galimotoyo inatsitsidwa pa lole yonyamula magalimoto, itayenda makilomita khumi ndi imodzi okha chibadwire, anthu a ku Chimadzi atadzaza pageti. Munthu amene anayendetsa magalimoto a eni zaka makumi awiri ndi ziwiri, malole a malasha, mapikapu a ku mgodi, onse okhalidwapo kale ndi anthu ena, munthu amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha atakhala pamwamba pa mitolo m'lole ya eninso, anaika chikhatho pa boneti n'kufotokoza kuti injini yatsopano ndi zitsulo zosadziwana. Maringi a pa pisitoni ayenera kukhula makoma a silinda pang'onopang'ono, kudyana, mpaka atagwirana osasiya mpata. Oyilo wamba amawalola kutero. Koma sintetiko, oyilo wodula uja, ndi woterera mopitirira, zitsulo zimangodutsana osakhudzana, ndiye injini imakula yosagwirana, yomwa oyilo, yofuka utsi wabuluu moyo wake wonse. "Mili kinyentu," anatero, akugogoda boneti ndi chala. "Makilomita chikwi ndi mazana asanu. Asanakwane amenewo, sintetiko ndi chiphe. Akakwana, ndi mankhwala." Ndipo mawa lake anagula chigubu cha sintetikoyo, cha malita asanu, chagolide, n'kuchikhazika pamwamba pa wadiropu kuchipinda kwawo kuti chidikire tsiku lake.

Analowa pa mlatho, ndipo Zambezi anatambasuka pansi pawo, wotakata, wofiirira, woyenda ngati sakuyenda, koma Gizela sankayang'ana madzi. Ankamvetsera. Chiyambire tsiku lija makutu ake anasamukira kuseri kwa dashibodi, moti ankamva injini ngakhale pamene anthu akulankhula naye — kung'ung'udza kwake kwapansipansi, kosalala, ndi kaphokoso kena kakang'ono mkati mwake, *ti ti ti*, kamene mwina kanalipo kuyambira kale, mwina kanabwera ndi iye. Zinkamuchititsa mantha, komanso, ndipo izi n'zimene zinkamuchititsa manyazi, zinkamuzizwitsa. Kuti mkati mwa chitsulo chotsekeka chija, chosakwana ndi mbiya ya madzi kukula, moto ukuyaka ndi kuzima kambirimbiri pa kuphethira kumodzi kwa diso, mapisitoni anayi akukwera ndi kutsika osagundana, ndipo chimene chikuwaletsa kupsererana n'kusanduka chibuma chimodzi ndi kamadzi kopyapyala kuposa khungu la anyezi — ndani anayamba kuganiza zimenezi? Ndani anakhulupirira kuti zingatheke? Bambo ankayendetsa ndi nsonga za zala, liwiro osapitirira makumi asanu ndi limodzi, mashapa, maminibasi aja, akuwadutsa ndi mahutala, makondakitala akutulutsa mitu n'kukuwa kuti madala, kodi mwanyamula mazira? Iwo osatembenuka. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wa pa tsiku la chikondwerero, ndipo Gizela ankadziwa kuti yakhala yotero milungu itatu.

Milungu itatu yapitayo manambala ankati 612. Kunagwa maliro ku Ulongwe, azakhali awo a bambo, ndipo bambo anakwera shapa m'malo mokweza injini yosakhwima m'mapiri a ku Angónia. Galimoto anaisiya kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa masau, pomwe pali mthunzi, pomwenso bwalo limakwera pathanthwe moti mphuno ya galimoto inaloza kumwamba. Unali Novembala wa ku Tete, umene mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto ndipo chogwirira cha chitseko chimaotcha ngati mbaula. Amayi anali kumsika. Gizela anatsegula boneti, monga anachitirapo kale kangapo pakalibe munthu, osati kuti agwire kanthu, kungoti aone — mapaipi akuda onyezimira, timawaya tomangidwa m'mitolo mwaudongo, fungo la utoto wotentha, chilichonse chili pamalo pake ngati kuti wina anachiganizira chaka chathunthu. Amakhoza kuima pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tsiku limenelo dzanja linapita lokha pa kandodo koyezera oyilo, kachikasu kumutu, n'kukasolola, n'kukapukuta ndi nsonga ya kapulana monga amachitira bambo, n'kukabwezera, n'kukasololanso — ndipo oyilo anangonyowetsa kunsonga kwenikweni, pansi pa kachizindikiro kapansi. Dzuwa lamwa, anaganiza motero. Anakumbukira aphunzitsi a Júlia a fizika akukhulanitsa misomali iwiri m'kalasi mpaka inatentha, akuti chitsulo chopanda oyilo chimadya chinzake, ndipo m'maganizo anaona bambo akubwera ku maliro otopa, akuliza injini youma, anaona zaka makumi awiri ndi ziwiri zikupserera m'mphindi imodzi. Oyilo m'nyumba monse analipo mmodzi yekha. Anakwera pa mpando, anatsitsa chigubu, anapotokola chivindikiro, kamkombero kake ka pulasitiki kanaduka kuti *thwa*, ndipo ngakhale pamenepo akanatha kuleka, akudziwa kuti akanatha. Koma anadula botolo la madzi kukhala fanulo, ndipo oyilo anatsika ngati uchi, woyera, wowala, wosachita thovu, wokongola moti anaiwala kupuma, mpaka mzere woonekera wa m'mbali mwa chigubu unatsika kuchoka pa 5 kufika pa 4. Kunena zoona — ndipo ichi ndicho chimene sangathe kuuza munthu — sanathire chifukwa cha mantha okha. Ankafuna kuti mu injini ija mukhale kanthu kamene waikamo iyeyo.

Chigubu anachibwezera pa wadiropu, mzere woonekera uja atautembenuzira kukhoma.

Bambo atabwera anatulutsa galimoto n'kuiimika pamsewu wa kutsogolo kwa geti, pamalo athyathyathya, ndipo Gizela, akusesa pakhonde, anawamva akuuza mnansi kuti oyilo sayezedwa galimoto itapendekeka, amathawira kumbuyo, kandodo kamanama. Tsache linaima lokha. Ndiye kuti injini sinali ndi ludzu. Ndiye kuti dzuwa silinamwe kanthu. Ndiye kuti anaithira chiphe, ndiponso anaidzaza mopitirira, chifukwa cha thanthwe limene wakhala akulikwera chibadwire. Anawaona akusolola kandodo, akukayang'ana, akukapukuta, akukabwezera, akukasololanso, akukanunkhiza, akutikita oyilo pakati pa zala nthawi yaitali, kenako akutembenukira kunyumba — kodi anayang'ana iye, kapena anangoyang'ana kumene kunali maso? Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, ndi mkuja, m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lililonse nkhope yawo inkatsekeka pang'ono. Analeka kuimba mluzu potsuka matayala. Anayamba kusiya chakudya m'mbale. Akudziwa, Gizela ankadziuza, akudziwa ndipo akudikira kuti ndinene ndekha — ayi, akanadziwa akanafunsa, bambo sasunga mawu, ndi iyeyo amene amasunga, iyeyo amene kusukulu ankadziwa yankho n'kulisiya kuti liwolere m'kamwa mpaka wina alinene molakwa.

Anapitirira Matundo, nyumba zinayamba kupatukana, milambe inaima m'mbali mwa msewu yopanda masamba, yotuwa ndi fumbi la malasha, ndipo manambala anati 1481. Bambo anapatukira pambali, anadikira malole awiri adutse, natembenuza galimoto mwaulemu ngati akutembenuza wodwala pamphasa. Apa ndiye pamalo pake, anaganiza Gizela, pano palibe munthu, ndingonena kuti Ababa, kenako ena atsatira okha. Anatsegula pakamwa. Koma mwina palibe chimene chawonongeka? Aphunzitsi a Júlia ananenapo tsiku lina kuti magalimoto ambiri a masiku ano amachoka ku fakitale ali kale ndi sintetiko, kuti zitsulo zake amazisalaza ndi makina mpaka sizisowanso kudyana — ananenadi, kapena ndi iye amene wakhala akuwonjezera mawu pa mawu awo milungu itatu yonseyi kuti apeze pogona? Buku la galimoto lili m'kabokosi kutsogolo kwa mawondo akewa, m'chinenero chimene amangotolamo liwu limodzi pa khumi. Ndipo aphunzitsiwo amayenda wapansi, pamene bambo anagonapo pansi pa malole. Lolemba lapitali, m'mawa, anaona kautsi kutuluka kumbuyo. Kanali kabuluu, kapena kanali kuwala kwa dzuwa pa fumbi?

"Wati chiyani?" anafunsa bambo.

"Palibe, Ababa. Kutentha."

"Tsegula zenera. Chozizira sitiyatsa lero."

Anawolokanso mlatho pa 1494, ndipo kuchokera pamenepo onse awiri ankayang'ana malo amodzi, bambo ndi ngodya ya diso, iye ndi maso onse. Anazungulira kawiri misewu ya m'dera la Filipe Samuel Magaia, kudutsa pa ofisina, galaja ya a Jaime, osaima, poti kunatsala kilomita imodzi ndipo bambo sakanalola kuiba ngakhale imeneyo. Kenako, pafupi ndi pogulitsira makala, 1499 anaphethira, n'kukhala 1500. Gizela ankayembekeza hutala, kapena kuseka, kapena dzanja pa phewa lake. Bambo anangotulutsa mpweya wautali, n'kunena motsitsa, osati kwa iye, "Chabwino. Tikamve."

Tikamve chiyani?

A Jaime, bambo wamfupi wa ovolosi yong'ambika m'mawondo, anatuluka pansi pa denga la malata atatambasula manja. "Mkwatibwi wafika! A Sebastião, mpaka lero simunamuvule mapepala? Mukufuna adzavule ndi adzukulu?" Anasuzumira mkati. "Muli tani, a dona Gizela? Akuphunzitsani kuyenda ngati kamba abambo anuwa?"

Gizela anamwetulira pansi. Bambo sanabweze nthabwala, zomwe sizinachitikepo. Anakweza galimoto pamwamba pa dzenje lokonzera magalimoto, matayala akuyenda m'mphepete mwenimweni, n'kuzimitsa injini. Anatulutsa chigubu kuseri kwa mpando. Chinali chokulungidwa m'kapulana, amayi ndi amene anachikulunga m'mawa, mwaulemu, ngati mphatso ya ku ukwati, ndipo bambo anachiika pa benchi osamasula. Sanamve kuti chapepuka? Munthu amene amadziwa kuti tayala laphwa pongomva chiwongolero, lita yathunthu osaimva? Kapena maganizo awo ali kwina, kutali moti dzanja silikuwauzanso kanthu?

Panali mwambo wake, bambo anaunena kalekale: oyilo woyamba satayira m'chitini chakuda cha ofisina, amamulandira m'beseni loyera, latsopano, n'kumutulutsa padzuwa kuti awerengedwe. Beseni anapatsa Gizela. "Tsika nalo. Manja ako ndi osanjenjemera." Anatsika masitepe a dzenje pambuyo pa a Jaime, m'fungo la dothi lonyowa ndi girisi, ndipo atakweza maso anaona chimene anali asanachionepo — mimba ya galimoto, yonse, yoyera, yopanda dontho ngakhale limodzi, ikutulutsa kutentha pankhope pake ngati chamoyo chimene chagona pamwamba pake, zitsulo zikulira *tik, tik* pozizira. A Jaime anagwira bawuti ndi sipanala, anaipotokola, anamaliza ndi zala, n'kuthawitsa dzanja. Oyilo anatumphuka, wakuda mofiirira, wokhuthala ngati chingwe, n'kugwera m'beseni ndi kulemera kumene Gizela anakumva mpaka m'mapewa. Anayang'anitsitsa kuti aone wake, wagolide uja, ngati angaonekere padera, ngati angamuloze chala. Panalibe. Anali atasakanikirana kalekale, atazungulira m'njira zonse zobisika za injini maulendo osawerengeka, atafika m'malo amene diso la munthu silidzafikako, ndipo beseni linkadzaza, linkadzaza, kupitirira pamene a Jaime ankayembekezera, moti anang'ung'udza kuti, "Iii, koma ndi wambiri."

Anakwera nalo pang'onopang'ono n'kuliika pansi, pabwalo, dzuwa lili paliwombo. Bambo ananjuta, anapendeketsa beseni pang'ono, ndipo Gizela anaona: mkati mwa mdima uja munali kunyezimira, tinthu tating'onoting'ono tosawerengeka, tasiliva, tikuzungulira pang'onopang'ono ngati fumbi m'kuwala kolowera pa bowo la denga. Fumbi la chitsulo. Zimene maringi anakhula pa makoma, makilomita chikwi ndi mazana asanu a kudyana, zili apa m'beseni la kumsika. Ndiye kuti zinadyana ndithu — koma zinadyana mokwanira? Zinalekera pa 612? Ndani angawerenge tinthu timeneti n'kudziwa kuti tasowapo tingati?

"Mwana wadya bwino," anatero a Jaime, akuloza galimoto. "Onani nokha. Bwanji nkhope ngati mwabwera kudzaika maliro?"

Bambo anaviika chala, anatikita, ananunkhiza. Polankhula anatsitsa mawu, kuti Gizela asamve, koma iye anali pomwepo, mawondo ake atatsala pang'ono kugunda awo.

"Mesitiri, oyilo ameneyu anakwera yekha. Milungu itatu tsopano. Ndinamusiya pa chizindikiro, ndinamupeza pamwamba."

A Jaime analeka kumwetulira. "Simunawonjezere?"

"Ine? Chigubu icho, sindinachitsegule n'komwe."

"Oyilo sabereka, a Sebastião. Akakwera, ndiye kuti mukulowa china. Madzi kapena dizilo." Ananunkhiza nawo, anapukusa mutu. "Fungo silikumveka, koma pena limabisala. Ngati ndi choncho, motori imeneyi inabwera ndi chilema. Tiyenera kutsegula mutu wake tione."

"Kutsegula," anabwereza bambo. "Injini ya mwezi umodzi."

Ndiye sankadziwa. Milungu itatu yonseyi sankadikira iye, sankamuyesa, sanamuganizire n'komwe — ankayang'ana kunyumba chifukwa analibe kwina koyang'ana, ankasiya chakudya chifukwa ankakhulupirira kuti chinthu chimodzi chokha chatsopano chimene anakhalapo nacho chinabadwa chodwala, ndipo anazisenza okha, osauza amayi, osauza mnansi, akuyendetsabe ndi nsonga za zala, akusungabe lamulo mpaka kilomita yomaliza. Ndipo anamutenga iyeyo lero, osati kuti amutsekere m'galimoto, koma mwina chifukwa ndi iye yekha pakhomo amene amakhala chete injini ikamalira. A Jaime anali atatembenuka kale, akufufuza m'bokosi la masipanala, zitsulo zikugundana. Posachedwa wina amasula kapulana, kamkombero koduka kaonekera, ndipo zidziwika zokha popanda iye kutsegula pakamwa, monga zinthu zonse za moyo wake zimadziwikira — koma ayi, zikadziwika motero ndiye kuti bambo akhala atazipeza, osati atapatsidwa, ndipo panali kusiyana, sakanatha kukufotokoza koma kunalipo, kopyapyala ngati kamadzi kaja ka pakati pa zitsulo.

"Ababa."

Mawu anatuluka aang'ono. Bambo sanakweze mutu.

"Ababa, oyilo sanakwere yekha. Ndinathiramo ndine. Wa pa wadiropu uja, lita imodzi, muli ku maliro." Analoza chigubu pa benchi. "Pa 612."

Masipanala analeka kulira. Pansi pa galimoto dontho lotsalira linagwa m'dzenje, kenako lina. Bambo anakweza maso pang'onopang'ono, ndipo china chake chinayamba kutseguka pa nkhope yawo, chimene Gizela sanathe kudziwa ngati ndi mkwiyo kapena ndi mpweya wa munthu amene wavuuka m'madzi. Chala chawo chinali chikadali m'mwamba pakati pa awiriwo, chonyowa, ndipo kunsonga kwake kunalendewera dontho lakuda, lodzaza tinthu tasiliva tozungulira padzuwa, likukula, likukula, osagwa.